Nyimbo Ija Ili ndi Mwini Wake

Ku Nsadzo, Lachitatu masana

Rozita mwana wanga,

Ndakhala kuseri kwa nkhokwe, pamthunzi, pomwe amayi ako sangandione kuti ndikulemba. Iwe wapita kukatsazika anzako a kwaya, ndipo mmene ndikukudziwira ubwera dzuwa litapendeka. Amayi ako sutikesi yako aitsegula kachitatu tsopano. Aikamo nsinjiro, atulutsamo, aikamonso. Ndawauza kuti kubwalo la ndege akazitaya, iwo andifunsa kuti ine ndege ndinaikwera liti. Ndangotenga cholembera n'kuchokapo.

Kalatayi ndikupatsa ukangofika. Usaisunge kuti ukawerengere m'ndege, uiwerenge lero lomwe, chifukwa muli ntchito yoti iwe ndi ine tigwire mawa m'mawa, chapa, minibasi ya ku Tete ija, isanadutse. Mwina ukudabwa kuti munthu wokhala naye nyumba imodzi akukulemberanji kalata. Ndayesa kawiri kuti ndikuuze pamaso. Kawiri konseko ndinathera pokuuza kuti usamale pasipoti.

Nkhani ndi ya nyimbo ija ya "Chimanga chacha", imene unaikonza ndi gitala ija timati viyola, kiyibodi ija timati tekelado ndi ng'oma n'kuitumiza ku Taiwan. Ndi yomwe aphunzitsi akumeneko anaikonda mpaka kukuitana kuti ukaphunzire nawo, ndipo wandiuza kuti ukangofika ukaiimba pamaso pa anthu. Papepala lawo unalemba kuti ndi nyimbo ya makolo, mwini wake sadziwika. Usanalembe unandifunsa ine, ndipo ndinavomera. Ndinakunamiza, mwana wanga. Nyimbo ija ili ndi mwini wake, ali moyo, ndipo ukuwadziwa. Ndi azakhali ako a Veronika, mlongo wanga. Sindikufuna ukaiimbe kumeneko usanamve mmene inabadwira, ndiponso iwo asanalole.

Tsiku lija unandionetsa pa telefoni zimene amachita kusukulu yakoyo, unati amatenga nyimbo zakale za kwawo, za othyola tiyi, za asodzi, za anthu a kumapiri, n'kuzilumikiza ndi piyano ndi zina zamakono kuti ana awo asaziiwale. Panali mkulu wina wa imvi atagwira choimbira cha nsambo ziwiri, chozungulira ngati lichero. Iwe unkandigwira pamkono kuti ndimve mmene achinyamata akulowera pambuyo pake. Ine ndinkayang'ana zina. Mkuluyo anamukhazika kutsogolo, dzina lake linalembedwa pansi, ndipo akakoka mawu motalika, achinyamata onse aja ndi zoimbira zawo zonyezimira ankamudikira. Ndinakubwezera telefoni n'kunena kuti maso akundiwawa. Sanali maso, anali manyazi.

Ndiyambire patali, monga mwa chizolowezi changa chimene chimagonetsa anthu pamsonkhano wa mpingo. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Zambia ine ndili mnyamata, makolo athu atamwalira kale, ndipo azakhali akowo ndiwo anandilera. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kwaya ya mawu anayi ndi kuwerenga nyimbo papepala. Pobwerera kuno ndinabwera ndi mapewa otukuka, ndikudziona ngati ndanyamula nyimbo zonse za dziko lapansi m'thumba la malaya. Kunali a Juliyasi, mmisiri wa mipando, munthu wovuta kukhala naye koma wodziwa kalimba. Ndinawabwereka kalimba yawo tsiku lina. Nditaiyesa ndi tekelado ya kutchalitchi ndinamva kuti sizikugwirizana, ndipo sindinakayike n'komwe kuti yolakwa ndi kalimba. Ndinatenga kanyundo, n'kumasuntha tizitsulo take kamodzikamodzi mpaka tonse tinafanana ndi tekelado. Ndinakaibweza ndikuyembekezera kuthokozedwa. A Juliyasi anaiika m'manja, analiza pang'ono, n'kuleka.

"Iwe Bento," anatero, "ndinakubwereka kalimba. Wandibwezera belu la njinga."

Anatha mwezi wathunthu akuibwezera mwakale, ndipo mpaka imfa yawo ankanena kuti kachitsulo kamodzi sikanabwererenso. Tsono iwe, kumeneko akakakupatsa choimbira chawo, chikakamveka chokhota m'makutu mwako, usakathamangire kuchiwongola. Ukafunse kaye amene anakula nacho. Nawonso akakakuuza kuti mawu ako akugwera pakati pa mabatani a piyano, usakavomere msanga kuti walakwa. Agogo ako ankaimba pakati pomwepo, ndipo makutu awo anali abwinobwino.

China ndinachita paukwati wina kufupi ndi Kasakatiza. Ndinamva nyimbo yokoma kwa oyendetsa malole a ku Zambia, m'chiyankhulo chawo chimene sindimachimva. Ndinailoweza, ndinaphunzitsa kwaya, ndipo tinaiimba mkwatibwi akulowa, tikugwedeza mapewa monyadira. Titamaliza, mayi wina wogulitsa nthochi pamalire anandikokera pambali akuseka mpaka misozi. Anati, "Aphunzitsi, nyimboyotu ndi ya mwamuna amene akukatula mkazi kwa makolo ake kuti watopa naye." Mwayi wake a kuchikazi sanamve kanthu. Banja lija lilipo mpaka lero, ana asanu ndi mmodzi, koma sindinganene kuti ndi nyimbo yanga inalimangitsa. Ukakamva nyimbo yawo yokoma, usanaivine kapena kuiika mu zako, ukafunse kuti amaiimba pa chiyani, amaiimba ndani, ndipo akulu awo akaimva amatani. Kufunsa sikungakuchotsere ulemu. Ufunse kaye, Rozita.

Ziwiri izi ndimazikamba ndikuseka, ndipo iwe unazimvapo. Yachitatuyi sindinaikambepo.

Uli khanda kumsana kwa amayi ako, azakhali ako anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, wa zaka zinayi. Anamupeza movutikira, atapita padera kawiri. Mvula ili pakati, mwanayo anadwala malungo. Ine monga malume wake ndinamumangirira kumsana ndi nsalu n'kukwera njinga kuti tithamangire kuchipatala, mlongo wanga akutsatira wapansi. Tinapeza mtsinje utadzaza mpaka m'mitengo. Tinakhala patsidya lino kuyambira m'mawa, tikuyang'ana madzi, mwana akutentha pamsana panga. Pamene madzi ankatsika chakumadzulo, panalibenso chifukwa chowolokera. Ndinabwerera naye kumudzi ali kumsana komweko.

Chaka chimenecho chimanga chinachita bwino kwambiri. Masika atafika ndinapita kukawaona, ndipo ndili kuseri kwa mpanda ndinamva munsi ukugwa mochedwa, ngati wosinjayo akuiwala kuti akusinja. Ukudziwa mwambo wake wa nyimbo ya pamtondo. Mayi amaimbirapo zimene sangathe kuzinena pagulu, ndipo wodutsa aliyense amamva, koma amapitirira ngati sanamve. Sainyamula kupita nayo kwina. Mlongo wanga ankaimba motsitsa:

Chimanga chacha ine,
ndikonolera yani?
Mtsinje unakana.

Kenako ankaitana dzina la mwana uja katatu, n'kuyambiranso.

Munthu wabwino akanalowa m'mpandamo n'kukhala pansi pafupi ndi mlongo wake. Ine ndinaima panja ndikutsatira ndi chala mmene nyimboyo ikukwerera ndi kutsika. Kunali kutatsala masabata atatu kuti kukhale Misa ya zokolola, makwaya onse a parishi akumane, ndipo ine ndinalibe nyimbo yatsopano. Ndinatembenuza njinga osalowa n'komwe, kuopa kuti ndikayamba kupereka moni nyimboyo indithawa m'mutu.

Ndinaifulumizitsa. Ndinaikamo ng'oma ziwiri ndi tekelado. Pamene pankati "ndikonolera yani" ndinaikapo "tipereke kwa Ambuye". Za mtsinje ndinachotsa. Pamene panali dzina la mwana ndinaikapo "Hosana", chifukwa ankakwanapo bwinobwino. Ndinkadziuza kuti ndikutenga chisoni cha mlongo wanga kukachipereka kwa Mulungu. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kwaya yathu ipose ya ku Chifunde.

Tsiku la Misa atsikana analowa akuvina, malichero a chimanga ali pamutu, nthungululu zili ponseponse. Azakhali ako anali pabenchi lachitatu kumbali ya amayi, ndipo ine pomenyera kwaya ndinkawaona bwino. Poyamba anangokweza mutu, ngati munthu amene wamva mawu a m'bale wake pamsika. Titafika pa "Hosana" woyamba anaimirira, anamanga nsalu yawo bwinobwino, n'kutuluka pang'onopang'ono podutsa pakati pa ovina aja. Amayi a kumudzi kwawo, amene ankaidziwa nyimboyo, anaweramitsa mitu. Ine ndinaona zonsezi, koma manja anga sanaleke kumenya. Tinatamandidwa kwambiri tsiku limenelo. Nyimboyo inafala m'matchalitchi onse mpaka kutsidya kwa malire, ndipo patapita zaka anthu anayamba kunena kuti ndi ya makolo. Ine sindinatsutse.

Azakhali ako sanandikalipire ngakhale kamodzi. Ndikapita amandipatsa moni, amandiphera nkhuku. Iwe anakulera tchuthi chilichonse, ndipo ndiwo anakuphunzitsa kupeta. Koma chichokereni tsiku limenelo sanaimbenso, kaya pamtondo, kaya pamaliro, kaya m'tchalitchi, ndipo pa Misa ya zokolola sabwera. Uli wamng'ono unandifunsa chifukwa chake azakhali amasinja mwakachetechete pamene amayi ena amaimba. Ndinakuuza kuti amadwala chifuwa. Mayi amene uja, Rozita, ku Zambia akayamba nyimbo, anthu a misasa ina ankasiya ntchito kubwera kudzamvera. Mawu amene aphunzitsi akowo awakonda mwa iwe, sunawatengere kwa ine.

Ukukumbukira uli ndi zaka khumi ndi zinayi, pamene unaika viyola pa nyimbo ya chintali ine n'kukulanda viyolayo sabata yathunthu? Ndinati ukunyoza za makolo. Unalira, ndipo amayi ako sanandiyankhule masiku awiri. Sunalakwe kanthu. Nyimbo ya chintali ndi ya pabwalo, ndi ya aliyense, ndipo unaikometsa. Ndinkakulanga iwe pa mlandu wanga. Ndikukuuza izi kuti usaganize kuti bambo ako akukuletsa kusakaniza zakale ndi zatsopano. Sakaniza, mwana wanga, ndi mtima wako wonse. Ng'oma yathu ikakhale pamodzi ndi piyano yawo, choimbira chawo chonga lichero chija chikayankhane ndi kalimba. Mmene unaikonzera nyimbo ija, viyola ikulowa mochedwa pambuyo pa ng'oma, ine sindikanatha ngakhale mutandipatsa zaka khumi, ndipo nditaimva koyamba ndinakayenda kumunda kuti anthu asaone nkhope yanga. Ndimakunyadira. Cholakwa changa sichinali tekelado ayi. Chinali chakuti ndinatenga kulira kwa munthu osamupempha, n'kufufutapo amene ankamulirayo.

Ndiye mawa tikapita kwa azakhali ako, ukawapemphe. Akakana, nyimboyo uisiye. Ndikudziwa chimene ndikukupempha. Ndi nyimbo imene yakutsegulira khomo, aphunzitsi akuiyembekezera, ndipo ukafika ndi manja opanda kanthu pakati pa anthu osakudziwa. Mwina ena akakhumudwa nawe. Ukawauze zoona, kuti unapeza kuti nyimboyo ili ndi mwini wake ndipo sanalole. Anthu amene amakhazika mkulu wawo kutsogolo n'kumudikira akamvetsa. Ngakhale atapanda kumvetsa, uli ndi mutu ndi makutu, ukapeka ina. Koma usakachite ngati ine, kuona munthu akutuluka iwe manja osaleka.

Zina ndi zazing'ono. Ukadye zimene akupatsa, usakapinde mphuno ngati mmene umachitira ndi therere la amayi ako. Wandiuza kuti amadyera timitengo, ukaphunzire, ndipo chakudya chikakagwa useke nawo. Amayi ako uziwaimbira telefoni Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, poti ndi pamene timakhala pamalo pogwira netiweki. Sadzakuuza kuti akusowa, adzangokufunsa ngati wavala juzi, ndiye uzimva wekha. Ukapeze tchalitchi, ngakhale usamve chimene akunena. Za anyamata amayi ako akuuza kale zokwanira anthu atatu, ine ndingowonjezera kuti woimba bwino si ndiye kuti ndi munthu wabwino, umboni wake ndi bambo ako. Anthu akumeneko akakufunsa za kwanu, usakangowauza za nkhondo ndi misewu yoipa. Ukawauzenso mmene kumamvekera kuno mwezi wa masika, mitondo itatu ikuyankhana m'mudzi. Ndipo nyimbo iliyonse imene ukatenge, yathu kapena yawo, ufunse kaye mwini wake, ulembe dzina lake.

Tsopano ndikuuze kumene ndinali dzulo. Ndinakuuzani kuti ndikupita kukagula mpira wa njinga, koma ndinapita kwa azakhali ako. Ndinawapeza pakhonde akusenda nyemba. Tinakamba za mbuzi, za denga lawo lodontha, za ulendo wako. Ndinamwa madzi makapu awiri opanda ludzu. Kenako ndinachoka pampando n'kukhala pansi.

"Alongo," ndinatero, "ndabwera pa nkhani ya nyimbo ija."

Sanafunse kuti iti. Anapitiriza kusenda.

"Wachedwatu, Bento," anatero.

Ndinavomera kuti ndachedwa. Ndinawauza kuti ndinaima kuseri kwa mpanda tsiku lija, kuti ndinawaona akutuluka m'tchalitchi, kuti ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinawauzanso za iwe, kuti nyimboyo yafika kutsidya kwa nyanja, ndipo kuti sukudziwa kanthu chifukwa ine ndinakubisira. Nyemba zinapitiriza kugwera m'mbale imodziimodzi.

"Kuti unaitenga sindinadandaule kwenikweni," anatero. "Mwana uja unamubereka kumsana ndiwe, nawenso inali yako. Ukanandipempha, mwina ndikanakupatsa. Koma unamuchotsamo. Chaka ndi chaka anthu akuvina nyimbo ya mwana wanga, iye mulibemo. Ambiri amene ankamudziwa anamwalira. Bambo ake anapita. Amene tinamubereka kumsana tatsala awiri, ndipo iwe sumutchula."

N'zoona, chiikireni maliro aja dzina lake silinatulukepo pakamwa panga.

Ndinafunsa ngati angalole kuti ukaiimbe. Anati, "Sindinalole, sindinakane. Abwere yekha ndi telefoni yakeyo, ndimve chimene wachita. Akatero nayenso amve mmene mwini wake amaiimbira. Ngati ili yoti ipite kutaliko, ipite yathunthu, ndi mtsinje womwe, ndi dzina lomwe."

Ndinadabwa. Ndinati, "Muimba, Alongo?"

"Kaya ngati mawu akadalimo," anatero. "Mpweya ndiye unachepa. Ndikafika poitana paja sinditha ndekha, pafunika wondilandira. Undilandira ndiwe."

Ndiye mawa tinyamuka kukangocha, ndikukweza panjinga ngati kale, ndipo tibwerera chapa isanafike. Usakavale zapaulendo, kumeneko tikakhala pansi. Ukakamva bambo ako mawu akuwathawa, usakandithandize, undisiye ndimalize ndekha. Chimene azakhali ako akanene pambuyo pake, chimenecho ndicho ukachite, kaya chikukomere kaya ayi.

Lero m'mawa ndinapita kudimba ndekha kukayesa kutchula dzina la mwana uja mokweza, kuti mawa lisakandikanike pamaso pa mayi wake. Linatuluka nditayesa kachitatu. Ndikulemberanso pano kuti ulidziwe usanakalowe m'mpanda muja, poti anali msuweni wako, ndipo akanakhalapo bwenzi lero akukunyamulira sutikesi uku akukuseka kuti ukamubweretsere mlamu wa ku Taiwan. Ankaopa atsekwe, ankakonda kukwera pachitsulo cha njinga yanga, ndipo iwe utabadwa anakana kuchoka pakhomo pathu mpaka atamulola kukugwira phazi. Dzina lake anali Tomasi.

Uyende bwino, mwana wanga, Mulungu akusunge kumene ine sindingafike.

Ndine bambo ako,
Bento